Mukapeza kabokosi kobisidwa kupaki musakataye

Abale amene muli ku UK, ku Joni kaya ku Cape Town, tsiku lina mudzapeza kabokosi kapulasitiki kobisidwa kuseri kwa mwala kapena m'mphako ya mtengo, mkati muli kakope, pensulo ndi tizidole ta ana. Ife ongoyenda timayamba taganiza zithumwa eti, ena amakataya mu bini, koma ndi masewera chabe, amati geocaching. Anayamba mu May 2000 ku Oregon ku America pomwe munthu wina dzina lake Dave Ulmer anabisa chidebe n'kulemba manambala a GPS osonyeza malowo pa intaneti kuti anzake akachisake, ndipo ife osasewerafe amatitchula kuti ma muggle.

Ndiye mukakapeza, onani pachivindikiro, nthawi zambiri pamalembedwa kuti ndi ka geocaching. Lembani dzina ndi deti mu kakopemo ngati mukufuna, tsekani zolimba madzi asalowe, kenako bwezerani pomwepo ndendende chifukwa wina akubwera ndi foni yake kudzafuna pamalo omwewo ndipo mukakasuntha azingozungulira mpaka dzuwa kulowa. Mwana akalirira kachidole mutha kutenga bola musiyepo kena. Koma kachitsulo kolembedwa nambala kasiyeni, kali ndi mwini wake amene akutsata ulendo wake pa intaneti. Maswiti musayikemo, nyerere ndi makoswe zimaononga zonse.

Ngati sikanalembedwe chilichonse ndipo mukuona mawaya, musakagwire, imbirani apolisi. Ku Wetherby ku England mu 2011 anatseka msewu wamashopu n'kuphulitsa kabokosi kotere poyesa ndi bomba.