Dilowa ya kabati yachikale yomwe inkakakamira

Kabati yanga ya zovala ndi ya matabwa enieni, yopangidwa mwachikale, ndipo madilowa ake alibe tinjanji tachitsulo. Thabwa limangotsetsereka pa thabwa linzake. Mvula itayamba, dilowa yapansi inayamba kukakamira pakatikati, osatuluka, osabwerera. Kukoka mwamphamvu kunkangogwedeza chigwiriro. Ndinayesa mafuta a makina, koma analowerera m'thabwa n'kumakola fumbi.

Gwero la vutoli ndi chinyezi. Thabwa likamwa chinyezi cha mumpweya limafufuma, makamaka mulifupi mwake.

Ndinatulutsa dilowayo n'kuiika pouma, pamthunzi. Padzuwa ayi, imatha kupindika. Koma chimene chinathandiza kwambiri ndi choko. Ndinachipaka m'mbali ndi kunsi kwa dilowa, kenako n'kuilowetsa ndi kuitulutsa kangapo. Pomwe choko chinafufutika ndi pomwe matabwa ankakhulana, ndipo panali pang'ono chabe, chakumbuyo mbali imodzi. Popanda choko munthu amapala paliponse, ndiye kunja kukauma thabwa limanyala, dilowa n'kuyamba kugwedera, ndipo chomwe wapala sichibwereranso. Ine ndinapala pamenepo pokha ndi sandipepa wa nambala 120, motsata mizere ya thabwa, n'kusalaza ndi wa 220, uku ndikuyesa pafupipafupi.

Nditapukuta fumbi ndinakhula kandulo yoyera m'malo onse otsetsereka, m'dilowa ndi m'kati mwa kabati momwe. Phula limatereretsa koma silinyowetsa thabwa. Kutsogolo kwa vanishi sindinakukhudze, poti kukongola kwa mipando yotere kuli pamenepo. Tsopano imatseguka ndi dzanja limodzi, ndipo ikayambanso kulimba ndimangobwereza kandulo.