Mbewu yowombedwa ndi cheza: musaiweruze chaka choyamba

Anzanga amene timalima timinda ta khobwe ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa mumandifunsa kawirikawiri za CBC5, khobwe wopirira chilala amene Crop Breeding Institute ya kuno ku Harare inatulutsa mu 2017. Ena mumaopa kuti ali ndi radiation, kapena kuti cheza, poti anachokera ku njere zowombedwa ndi cheza. Alibe. Cheza cha gamma chochokera ku chitsulo chotchedwa cobalt-60 chimangodutsa m'njere, sichikhalamo. Chimene chimatsala ndi mabala mu DNA, imene imasunga malangizo a chibadwa cha mbewu m'selo iliyonse.

Mabalawo amabwera chonchi. Nthawi zina chezacho chimamenya DNA yeniyeniyo, nthawi zina chimaswa madzi a m'selo n'kutulutsa tizidutswa taukali timene timaidula. DNA ili ngati chingwe chopota cha nkhosi ziwiri. Ikaduka imodzi, selo imaonera inayo n'kulumikiza bwinobwino. Zikaduka zonse pamalo amodzi, imalumikiza mofulumira, kachidutswa kena kamatayika kapena kulowa chozondoka, ndipo jini ya pamenepo, chigawo cha DNA cholamulira khalidwe lina la mbewu, yasintha basi. Lewis Stadler anasonyeza zimenezi mu 1928 pa balere ndi chimanga, pogwiritsa ntchito X-ray.

Kuwombako si ntchito ya pakhomo. Mbewu imapita ku labotale yovomerezeka, monga ya FAO ndi IAEA (mabungwe a padziko lonse oona za ulimi ndi za mphamvu ya atomu) ku Seibersdorf, m'dziko la Austria. Njere zouma zimapatsidwa ma gray (muyeso wa cheza) mazana angapo, pamene ma gray 5 okha akhoza kupha munthu.

Ntchito yanu imayamba mukalandira mbewu yotereyi kwa akatswiri kuti muiyese. Bzalani mvula ikakhazikika, ndipo pambali pake ikani mzere wa mbewu ya mtundu womwewo yosawombedwa, kuti mukhale ndi poyerekezera.

Mbadwo woyambawu, umene amautcha M1, umamvetsa chisoni. Zina sizimera, zina n'zopinimbira, zina zimachita maluwa osabereka. Musazule, musasankhe. Apa ndi pamene ndimachonderera kwambiri, chifukwa mtengo wa khobwe uli ndi jini iliyonse kawiri, ndipo yosinthika ija nthawi zambiri imabisala kumbuyo kwa inzake yabwinobwino. Maso sangaione. Mungokolola nyemba za mtengo uliwonse pazokha, m'kapepala kake kolembedwa nambala. Ndipo chitambe cha m'munda umenewu musathyole ndiwo. Mtengo wofooka kale ukufuna masamba ake onse kuti ubereke.

Nyengo yotsatira bzalani kapepala kalikonse mzere wake. Uwu ndi M2, ndipo zobisika zija zayamba kuoneka. Mukaona timbande toyera mbee topanda chobiriwira, tidzafa, koma dziwani kuti cheza chinagwiradi ntchito. Kusintha kochuluka n'koipa, ndiye pamafunika mitengo yambirimbiri. Yendani m'mawa ndi timitengo toikira chizindikiro: wochita maluwa msanga, wa nyemba zazitali, wosafota mvula ikadula mu Januwale, amene nsabwe zamulambalala.

Osankhidwawo bwerezani kubzala paokha, M3, M4, mpaka mzere wonse uzituluka wofanana. Mtengo wokongola chifukwa unamera pachulu udzaonekera pamenepo, ana ake sadzautengera.