Musanamasule propshaft pokonza giyabokosi, yambani mwaika chizindikiro

Kuti giyabokosi ya Hilux, Hiace kapena Canter itsike, propshaft (chitsulo chachitali chozungulira chomwe chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupititsa ku matayala a kumbuyo) iyenera kuyamba yachoka. Amakaniko ena amangomasula osalemba momwe inakhalira, koma kulemba n'kofunika, ndipo sikutha mphindi ziwiri. Chitsulochi amachiyeza kufakitale kuti chisalemere mbali imodzi pozungulira. Tizitsulo towotcherera pa paipi yake ndi ta ntchito imeneyo.

Yambani ndi kutchinga matayala ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Kuno ku Dedza malo ambiri ndi otsetsereka, ndipo propshaft ikachoka giya sigwiranso galimoto. Pa Canter samalani kwambiri, chifukwa pa ma Canter ambiri handibuleki imagwira kumbuyo kwa giyabokosi, osati ku matayala.

Pukutani matope ndi girisi pomwe propshaft yakumana ndi difu (bokosi la magiya lapakati pa matayala a kumbuyo), kenako jambulani mzere umodzi wa penti yoyera wodutsa mbali zonse ziwiri. Choko ayi, chimafufutika ndi manja a oilo. Penti ikasowa, khomani timadontho tiwiri toyang'anizana ndi panchi. Chitani chimodzimodzi mbali ya giyabokosi, ndiye mumasule mabawuti ogwira propshaft. Ngati mutu wa propshaft umachita kulowa m'giyabokosi, tcherani chitini, oilo atuluka.

Pofunika kwambiri ndi pakati, pomwe zidutswa ziwiri zimalowana ndi mano, komanso pa centre bearing, bering'i yogwirizira propshaft pakati. Apa musasolole musanalembe. Mukaphonya dzino limodzi lokha pobwezera, makolosi (tizitsulo ta mtanda ta m'mfundo za propshaft) a mbali ziwiri sayendanso mogwirizana, shafuti imathamanga ndi kubweza liwiro kawiri pa kuzungulira kulikonse. Poyesa galimoto pagalaji simumva kanthu. Dalaivala adzamva pa M1, atanyamula matumba a kachewere kuchokera ku Lizulu: pansi pa mpando kunjenjemera, kukulirakulira liwiro likamakwera. Akapitiriza kuyenda choncho makolosi amatha msanga, centre bearing imang'ambika rabala, silo (rabala yotchinga oilo) ya giyabokosi n'kuyamba kudontha. Ambiri amathamangira kukabalansa matayala, ndalama n'kupita pachabe.

Nanga ngati mwasolola kale osalemba? Funani mivi iwiri yomwe mafakitale ena amadinda pa chitsulocho, muiyang'anitse pamodzi. Ikasowa, pa chidutswa chosololokacho makutu ogwira kolosi a mbali zonse ziwiri akhale pamzere umodzi. Kunjenjemera kukatsalabe, masulani ku difu, tembenuzani propshaft theka la kuzungulira, mangani mabawuti mopingasa, mukayesenso pamsewu.