Kompyuta yakale yayamba kukoka VR

Ndikalumikiza Quest 2, chipangizo cha VR chovala kumaso chomwe chimakuonetsa zithunzi ngati uli momwemo, ku kompyuta yanga, zithunzi zinkadukaduka mpaka kumva chizungulire. VR imafuna zithunzi 72 kapena 90 pa sekondi, kudiso lililonse, ndipo graphics ya mu purosesa, yomwe kompyuta yanga inkadalira, singakwanitse zimenezo.

Anzanga ankati ndingogula kompyuta ina. Ndalama zake zili kuti? Purosesa inali bwinobwino, choncho ndinasaka khadi ya graphics ya Nvidia, RTX 3060, yogwiritsidwapo kale ku Old Town, ndipo ndinaumirira kuti aiyatse ndikuona ndisanalipire.

Pamene panavuta ndi pa power supply, kabokosi kogawa magetsi mu kompyuta. Yanga inali ya 300W, yopanda waya wa mapini 8 womwe khadiyi imafuna, pomwe Nvidia imalangiza 550W. Apa musaumire, yotchipa ingakuotchereni zonse. Ndinasintha, ndinakweza RAM kufika 16GB, n'kupukuta fumbi la Lilongwe lomwe linali litamata pa fani ngati ufa wa pachigayo.

Chithunzi chinkaundanabe pang'ono. Kunali kachingwe: kotchajira foni kaja ndi ka USB 2. Nditaika ka USB 3 pa doko la buluu kumbuyo, zonse zinayenda myaa. Chatsala ndi UPS, batire yoteteza kompyuta magetsi akavuta, poti magetsi akathima n'kubweranso mwamphamvu khadiyi ingapite.