Kayendedwe kabwino ka m'nyumba yachifumu ya Louvre

Anthu ambiri amene amafika ku Louvre, mumzinda wa Paris, amangolunjika kumene kuli chithunzi cha Mona Lisa, ndipo akachijambula pafoni amatuluka miyendo ili lendelende osazindikira kuti adutsa m'zipinda zimene mafumu a ku France ankavinamo ndi kulandiriramo alendo. Nyumbayi inali ya mafumu kwa zaka mazana angapo isanatsegulidwe kuti anthu wamba aziona zojambula pa 10 Ogasiti 1793, ndipo munthu amapindula kwambiri akaiyenda ngati nyumba, kuyambira pansi pamaziko kukwera m'mwamba, kusiyana ndi kuthamangira zithunzi zotchuka.

Zokonzekera zimayamba musananyamuke. Louvre imatseka Lachiwiri lililonse, ndipo masiku ena onse imatsegula 9 koloko m'mawa n'kutseka 6 koloko madzulo, kupatula Lachitatu ndi Lachisanu pamene imatseka 9 koloko usiku. Gulani tikiti pa intaneti, patsamba la Louvre lenileni, chifukwa tikitiyo imakhala ndi ola lolowera ndipo oyang'anira anaika malire a alendo 30,000 patsiku. Kuyambira mu Januwale 2026 alendo ochokera kunja kwa mayiko a ku Ulaya amene ali m'gulu la European Economic Area amalipira mayuro 32, pamene ana osafika zaka 18 amalowa ulere. Patsamba lomwelo onaninso ndandanda ya zipinda zotsekedwa, pakuti si zipinda zonse zimene zimatsegulidwa tsiku lililonse, ndipo n'zowawa kuyenda ulendo wautali n'kupeza chingwe chitamangidwa pakhomo la chipinda chimene munkachifuna. Musanyamule chikwama chachikulu, popeza katundu woposa masentimita 55 m'litali, 35 m'lifupi ndi 20 kuchindikala kwake saloledwa, koma jekete ndi kachikwama mutha kuzisunga m'timakabati taulere tokhoma.

Sitima yapansi panthaka ya nambala 1 kapena 7 imakutsitsani pa siteshoni ya Palais Royal-Musée du Louvre. Khomo lodziwika ndi la piramidi yagalasi ya mmisiri I. M. Pei, yomwe inatsegulidwa mu 1989, koma pamenepo mumaima pamzere panja, kaya kuli dzuwa kaya mvula, pamene khomo la Carrousel du Louvre, pa 99 rue de Rivoli, limakudutsitsani pansi. Makomo onsewa amakufikitsani pabwalo limodzi lalikulu pansi pa piramidi, pomwe njira imagawika patatu kupita ku mbali zitatu za nyumbayi: Denon, Sully ndi Richelieu. Tengani mapu a pepala, ndipo ngakhale gulu lonse likukhamukira ku Denon, inu lowerani ku Sully.

Chifukwa chake n'chakuti m'munsi mwa Sully muli chiyambi cha nyumbayi. Cha m'ma 1190 mfumu Philippe Auguste inamanga pano linga lotetezera Paris, ndipo lero mumayenda pansi penipeni pa ngalande imene inkazungulira lingalo, makoma a miyala atakuzungulirani mbali zonse. Yendani pang'onopang'ono ndipo yang'anitsitsani miyalayo pafupi, chifukwa pa ina mudzaona tizizindikiro tosemedwa, monga kamtima kapena kamtanda, timene osema miyala ankaika pofuna kuti ntchito ya aliyense idziwike. Kuno kumazizira, kulibe phokoso, ndipo anthu amadutsa mofulumira ngati ndi mpita chabe, chikhalirecho ndi malo okhawo amene mungaime pafupi ndi Louvre ya zaka 800 zapitazo.

Mukakwera m'mwamba mulowe mu Salle des Caryatides. Mfumu François I ndi imene inalamula mu 1546 kuti linga lakale ligumulidwe mbali imeneyi, ndipo mmisiri Pierre Lescot anamanga holoyi kuti ikhale ya madyerero. Musayambe ndi zosema za Agiriki ndi Aroma zimene zadzazamo, koma tembenukani muone akazi anayi a mwala amene Jean Goujon anasema mu 1550, omwe asenza pamutu khonde limene oimba ankakhalapo mafumu akamavina. Chosema cha Venus de Milo, chimene chinapezeka mu 1820, chili chapafupi, ndipo mutha kuchiona popita ku masitepe a Daru, pamwamba pake pomwe paima chosema chamapiko cha ku Samothrace.

Tsopano ndiye nthawi ya Denon. Mona Lisa ali mu Salle des États, kuseri kwa galasi, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti ndi chithunzi chaching'ono, masentimita 77 kutalika ndi 53 m'lifupi, choti mudzachiona chapatali pakati pa mafoni okwezedwa m'mwamba. Chioneni ndithu, koma mukatero tembenukani, pakuti kukhoma loyang'anizana nacho kuli chithunzi chachikulu kuposa zonse mu Louvre, cha ukwati wa ku Kana, chimene Veronese anajambula ndipo ndi chotalika pafupifupi mamita 10 m'mbali. Kujambula kumaloledwa, bola osayatsa kuwala kwa kamera ndiponso osagwiritsa ntchito ndodo zojambulira.

Apa miyendo imakhala itayamba kudandaula, ndipo munthu wanzeru amakhala pansi n'kumwa madzi osatuluka panja, popeza mukatuluka tikitiyo siikulolani kubwereranso. Zinthu zoonetsedwa ndi pafupifupi 35,000, choncho maganizo oti muone zonse asiyeni pakhomo. Ngati mphamvu zatsala za mbali imodzi yokha, pitani ku Richelieu, kumene anthu amachepako. Mbali imeneyi inali maofesi a unduna wa zachuma mpaka 1989, ndipo muli zipinda za nthawi ya mfumu Napoleon III zomwe zasungidwa ndi mipando yake yofiira, nyale zikuluzikulu zolendewera ndi tebulo lalitali lodyera. Ngakhale mfumu Louis XIV inasamutsira likulu lake ku Versailles mu 1682, olamulira a pambuyo pake anapitiriza kuwonjezera nyumbayi, ndipo zipinda zimenezi zimaonetsa mmene ulemerero wa boma unkaonekera m'zaka za m'ma 1800. Mwala wa malamulo a Hammurabi, mfumu yakale ya ku Babulo, ulinso mbali yomweyi, pansi.

Louvre ili ndi holo yake pansi pa piramidi momwe mumachitika zoimbaimba, zokambirana ndi makanema, ndipo imakhalanso ndi zionetsero za kanthawi, choncho onani pulogalamu musanasankhe tsiku, makamaka ngati mungathe kubwera Lachitatu kapena Lachisanu madzulo pamene magulu a alendo amakhala atachepa. Potuluka lowerani chakumadzulo ku munda wa Tuileries, womwe kulowa kwake n'kwaulere, ndipo mukadutsa chipata cha Arc de Triomphe du Carrousel imani pang'ono pabwalo lopanda nyumba lomwe lili patsogolo panu, chifukwa pamenepo ndi pamene panali nyumba yachifumu ya Tuileries imene inatenthedwa mu 1871.