Kusamala Mkamwa Mukacotsedwa Dzino

Pamene dzino lazulidwa pamatsala dzenje lofika pa fupa la nsagwada. Magazi amadzaza m'dzenjemo ndi kuundana, ndipo magazi oundanawo ndiwo amaphimba fupa ndi mitsempha kufikila mnofu watsopano utamela. Malangizo ambili pansipa ndi oteteza magazi amenewo kuti asacoke.

Lumani thonje limene mwapatsidwa ku cipatala mwamphamvu kwa mphindi 30 mpaka 45. Musalitafune, musalankhule kwambili, musamalicotse kuti muone ngati magazi aleka. Akapitiliza kutuluka, pindani thonje lina kapena kansalu koyela konyowetsa pang'ono, kaikeni padzenje penipeni, lumaninso mphindi 30 mutakhala tsonga. Kathumba ka masamba a tiyi konyowetsa kamathandizanso. Malovu ofiilila tsiku loyamba asakuopseni, cifukwa magazi ocepa akasakanikilana ndi malovu amaoneka ambili.

M'maola 24 oyamba musacukuce mkamwa, musalavule mwamphamvu, ndipo musamwele pa kapaipi. Kuyamwa ndi kulavula kumakoka magazi oundana aja. Lilime ndi cala zisapite padzenje. Nchito yolemetsa monga kulima, kunyamula katundu kapena kupalasa njinga mtunda wautali idikile mawa, cifukwa imathamangitsa magazi. Pogona ikani mapilo awili kuti mutu ukwele.

Dzanzi la jekiseni limatha pakapita maola 2 mpaka 4. Lisanathe musadye, ndipo musamwe tiyi wotentha, cifukwa mungalume mlomo kapena kupsa osadziwa. Makolo, yang'anilani ana pa nthawi imeneyi. Amakonda kutafuna tsaya lacita dzanzi mpaka kucita cilonda.

Panado, mankhwala a ululu, imwani dzanzi lisanathelatu. Wamkulu angamwe mapilitsi 2 a Panado a 500 mg pa maola 6 alionse, osapitilila mapilitsi 8 pa tsiku. Brufen wa 400 mg amamwedwa mutadya, pa maola 8 alionse, koma si wa amayi oyembekezela, odwala zilonda za m'mimba kapena impso, ndi ena a asima. Asipilini sayenela pa ululu umenewu cifukwa amacedwetsa magazi kuundana, ndipo alimonso m'mankhwala a mutu a ufa monga Grand-Pa. Ngati mumamwa asipilini kapena warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) masiku onse molamulidwa ndi dokotala, musaleke nokha, funsani. Ma ARV, mankhwala a shuga ndi a BP pitilizani monga mwa nthawi zonse. Mukapatsidwa Amoxil kapena Flagyl, tsilizani onse, ndipo Flagyl sagwilizana ndi mowa ngakhale pang'ono.

Tsaya limatupa, makamaka tsiku laciwili ndi lacitatu, kenako limaphwa. Tsiku loyamba ikanipo botolo la madzi ozizila lokulunga m'nsalu kwa mphindi 15, pumulani mphindi 15, bwelezani.

Idyani zofewa ndi zofunda cabe: phala, nsima yofewa ndi delele, mbatata yophwanya, mazila, nthoci, maheu omwela m'kapu. Tafunilani mbali inayo. Ciwaya, nshawa zokazinga, nzimbe, cimanga cowocha ndi kapenta wouma zidikile sabata imodzi, cifukwa tizidutswa take timalowa m'dzenje.

Maola 24 akatha, yambani madzi a mcele. Sungunulani theka la kasupuni ka tiyi ka mcele m'kapu imodzi ya madzi owilitsa amene afunda. Vumatani, pendeketsani mutu uku ndi uku, atulutseni pang'onopang'ono. Citani zimenezi mukatha kudya ndi pogona, kwa masiku 7. Mano enawo tsukani ndi mswaci monga kale, mongolambalala cilonda. Kusiya kutsuka poopa ululu kumangoculukitsa tizilombo. Padzenje pakaoneka zoyela kapena zotuwa koma sipakupweteka, ndi mnofu ukupola, musapale.

Vuto limene limabwezela anthu ambili ku cipatala ndi dzenje louma. Magazi oundana akacoka msanga, fupa limakhala poyela. Munthu amayamba bwino, kenako tsiku lacitatu mpaka lacisanu ululu umakula, umalasa mpaka m'khutu, mkamwa mumanunkha, ndipo Panado sagwila. Limacitika kawilikawili pa zitsakano za m'munsi ndi kwa osuta fodya. N'cifukwa cake timaumilila kuti fodya, nsunko ndi mowa zilekedwe kwa maola osacepela 72, ndipo sabata yathunthu ingakhale bwino koposa. Musaikemo phulusa, mizu, mcele wouma kapena pilitsi lophwanya. Zimaocha nkhama ndi kulowetsa matenda. Bwelelani kumene munacotsela dzino. Adzatsuka dzenje ndi kuikamo mankhwala oziziitsa ululu.

Ngati linali citsakano ca m'mwamba, musamine mwamphamvu kwa masiku angapo, ndipo poyetsemula yasamani, cifukwa mizu yake imayandikana ndi mphako ya mphuno. Madzi akamatulukila m'mphuno pomwa, kauzeni dokotala. Ulusi wosokela wosasungunuka wokha umacotsedwa pakapita masiku pafupifupi 7.

Pitani ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngati magazi ofiila akudzaza mkamwa mutaluma thonje kawili, ngati thupi latentha ndipo pakutuluka mafinya, kapena ngati kutupa kukutsikila pansi pa cibwano ndi m'khosi mpaka kumeza kapena kupuma kukuvuta. Kutupa kotele kungatseke njila ya mpweya m'maola ocepa.