Malo a mbiri otchuka omwe ali panjira ya ku Joni ndi kumudzi: kafikidwe kake ndi zofunika kusamala

Anthu akamatchula nyumba ndi zipilala zakale zotchuka padziko, maganizo amathamangira ku mapiramidi a ku Giza, ku Taj Mahal ya ku India kapena ku linga lalitali la ku China. Malo amenewa ali m'kaundula wa bungwe la UNESCO, yemwe anakhazikitsidwa potsatira pangano la mu 1972. M'kaundula yemweyo muli malo asanu omwe Mmalawi wokhala ku Joni angawafike osakwera ndege. Awiri ali muno mu Gauteng, ndipo atatu ali kufupi ndi msewu umene timaudutsa mu Disembala tili m'tulo m'basi. Chimene chimalepheretsa ambiri si ndalama ayi, koma kusakonzekera: munthu amafika pachipata atatseka, kapena amafika bwinobwino koma n'kusowa chobwererapo.

Yambani ndi za mutauni

Constitution Hill ili pakati pa Braamfontein ndi Hillbrow, ndipo kuchokera ku Park Station mutha kuyenda wapansi, bola kukhale masana komanso foni ikhale m'thumba. Malowa anali ndende kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka mu 1983. Mahatma Gandhi anatsekeredwamo mu 1908, Nelson Mandela mu 1956 ndi mu 1962. Mu Julaye 2024 UNESCO inaika malowa m'kaundula pamodzi ndi ena 13 okhudza nkhondo yolimbana ndi tsankho.

Patulani maola atatu, ndipo lipirani woperekeza alendo, chifukwa zipinda zopanda kanthu sizilankhula zokha. Yambirani ku Number Four, komwe ankasungako amuna akuda, ambiri a iwo atagwidwa pa mlandu wa chiphaso chabe. Kenako pitani ku Old Fort ndi ku ndende ya amayi. Bwalo la Constitutional Court, lomwe linatsegulidwa pamalopa mu 2004, mulisiye komaliza. Mukalowa m'chipinda chozengera milandu yang'anitsitsani njerwa zake: zinachokera ku chipinda cha ndende chomwe anachigumula, mmene ankasungamo anthu odikira mlandu. Amene ayambira ku bwaloli amaona nyumba yokongola basi, tanthauzo la njerwazo limawapita.

Pochoka apo tsikirani ku Newtown, ku Workers' Museum. Malo awa sali m'kaundula wa UNESCO, koma kwa ife ndi ofunika kuposa ambiri amene alimo. Inali komponi ya ogwira ntchito yomangidwa mu 1913, ndipo mabedi asimenti omwe amuna ankagonapo mothithikana adakalipo. Azigogo athu amene ankabwera pa Theba ankagona m'makomponi a mtundu womwewu ku migodi. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu a Theba kwa zaka zingapo. Mwana wobadwira kuno ayenera kuwaona mabedi amenewa.

Ku Soweto kumafuna tsiku lakelake. Kwerani takisi ya ku Orlando West, muyambe ndi Hector Pieterson Museum yomwe imafotokoza za kuwomberedwa kwa ana asukulu pa 16 Juni 1976, kenako muyende wapansi kukafika ku nyumba nambala 8115 mu Vilakazi Street, komwe ankakhala Mandela. Fikani m'mawa mabasi a alendo asanadzaze msewu.

Mapanga a Sterkfontein

Dera lotchedwa Cradle of Humankind, lotchuka ndi mafupa akalekale a zolengedwa zofanana ndi anthu, lili pafupifupi makilomita 50 kumpoto chakumadzulo kwa Johannesburg, kupitirira Krugersdorp, ndipo linalowa m'kaundula mu 1999. M'mapanga a Sterkfontein ndi mmene Robert Broom ndi John Robinson anapezamo chibade chotchedwa Mrs Ples mu 1947, chomwe chili ndi zaka zoposa mamiliyoni awiri. Mafupa ena otere, otchedwa Little Foot, anapezekanso mommo, Stephen Motsumi ndi Nkwane Molefe atawafufuza m'phanga mu 1997 potumidwa ndi Ron Clarke.

Vuto lalikulu pano ndi mayendedwe. Matakisi sadutsa pafupipafupi pamsewu wa R563, ndipo galimoto yoitanitsa pafoni ikhoza kukutulani koma pobwerera n'kusowa ina. Sonkhanani anthu anayi kapena asanu mubwereke galimoto ya tsiku lonse. Dziwaninso kuti Sterkfontein ndi Maropeng, komwe kuli nyumba yaikulu yoonetserako zinthu, ndi malo awiri osiyana otalikirana pafupifupi makilomita 10. Anthu ambiri amalemba dzina limodzi pafoni n'kukafika kwina.

Muyambe mwafunsa ngati mapanga ali otsegula. Anawatsekapo madzi atasefukira kumapeto kwa 2022, ndipo anatsegulidwanso mu Epulo 2025. Mvula ikagwa yambiri ulendo wa m'phanga umatha kuimitsidwa. Mkati mumalowa m'magulu, ndi woperekeza, mutavala chisoti chomwe amakupatsani pakhomo. Valani nsapato zotseka zosaterera, osati masilipasi. Masitepe ndi ambiri, pansi pamanyowa, ndipo pena mumayenda chowerama kapena chonjuta. Agogo a vuto la mawondo, mayi wodwala pakati yemwe miyezi yatha, kapena munthu amene amabanika pamalo opanikiza, ndi bwino akadikire ku Maropeng. Mkati mumazizirira chaka chonse, choncho kajuzi kopepuka musakasiye m'galimoto.

Mapungubwe

Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Musina pa N1 ndi makilomita oposa 500. Mmalo molunjika ku Beitbridge, khoterani kumadzulo pa R572, muyende makilomita pafupifupi 70. Pamenepo, pomwe mtsinje wa Shashe umathira mu Limpopo, panali likulu la ufumu umene unakula m'zaka za m'ma 1200, ukuchita malonda a golide ndi minyanga ndi anthu a kugombe la nyanja ya mchere. Mafumu ankakhala pamwamba pa phiri, anthu wamba m'munsi. M'manda a pamwambapo munapezeka chipembere chaching'ono chagolide m'zaka za m'ma 1930. Musachiyembekezere kuphiriko: chenichenicho chimasungidwa ndi University of Pretoria.

Malowa amayang'aniridwa ndi SANParks, nthambi ya boma yosamalira malo osungirako zachilengedwe, yomwe imalipiritsa mitengo itatu: wa nzika ndi okhazikika mu South Africa, wa anthu a mayiko a SADC, ndi wa alendo ochokera kutali. Malawi ili mu SADC, koma popanda pasipoti m'manja adzakulipiritsani mtengo wokwerawo. Sabata yolowa ulere ya mu Seputembala ndi ya nzika za dziko lino zokha. Phirilo simukwera nokha, muyenera kulembetseratu ulendo wa woperekeza, ndipo sankhani wam'mawa. Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale chigwa cha Limpopo chimatentha koopsa, motero munthu aliyense anyamule madzi osachepera malita awiri.

Great Zimbabwe

Ngati mungakwanitse malo amodzi okha pa ulendo wonsewu, akhale amenewa. Ali pafupifupi makilomita 30 kuchokera mu tauni ya Masvingo, yomwe ili pamsewu wa Beitbridge ndi Harare, ndipo analowa m'kaundula mu 1986.

Tikiti ya basi yochokera ku Joni mpaka ku Blantyre kapena Lilongwe siikulolani kutsika panjira n'kudzakwera basi ya mawa lake. Gulani tikiti yothera ku Masvingo, mugone komweko, ndipo mukatha kuona malowa mukwere basi ya ku Harare komwe mungapeze ya kumudzi. Izi zikutanthauza kuti katundu wambiri wa Khirisimasi mumutumiziretu ndi otengera katundu, inu muyende ndi chikwama chimodzi. Oyenda pagalimoto yawoyawo akonzekere zapachipata cha Beitbridge: mapepala a galimoto, kalata ya mwini wake kapena ya banki ngati galimotoyo ili pangongole, chilolezo cholowetsera galimoto kwakanthawi, ndi inshuwalansi ya m'dzikomo. Nyamulani madola a ku America ang'onoang'ono osang'ambika, chifukwa chenji chimavuta. Ndipo onetsetsani kuti masiku a mu pasipoti yanu sanathe, pakuti wodutsitsa masiku amaletsedwa kulowanso mu South Africa, nthawi zina mpaka zaka zisanu.

Mzindawu unamangidwa ndi makolo a Ashona pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400, ndipo uli m'zigawo zitatu: cha paphiri, cha m'chigwa, ndi linga lalikulu. Yambirani paphiri dzuwa lisanakwere. Njira zilipo zingapo. Yakale ndi yotsetsereka ndipo imapanikiza pakati pa matanthwe, pomwe yatsopano ndi yozungulira koma yosavuta kwa ana ndi achikulire. Kwerani pa imodzi, mutsikire inayo.

Pa linga lalikulu m'pamene muyenera kukhalitsa. Khoma lake limazungulira mamita pafupifupi 250, pena limatalika mamita 11, ndipo m'munsi ndi lochindikala mpaka mamita 5. Palibe simenti kapena dothi lomatira. Matanthwe a kumeneko amasendeka okha m'magawomagawo, ndipo amisiri ankathandizira powotcha thanthwe ndi moto n'kulithira madzi, kenako n'kusema zidutswazo kuti zifanane. Khomalo limaima chifukwa cha kulemera kwake komanso chifukwa limanka liwonda chokwera. Mukayang'ana pansi mudzaona timabowo totulutsira madzi a mvula. Yerekezani makoma oyambirira a paphiri, omwe miyala yake ndi yosalingana, ndi khoma lalikululi lomwe mizere yake ndi yowongoka: mukuona luso likukula m'mibadwomibadwo. Mkati muli nsanja yosongoka yopanda khomo, yotalika pafupifupi mamita 10, yomwe akatswiri ambiri amati imaimira nkhokwe, chizindikiro chakuti mfumu ndi yodyetsa anthu ake.

Pali chifukwa chomwe sitiyenera kupadutsa pamenepa mongoyendera. Atsamunda anakana kwa zaka zambiri kuti munthu wakuda angamange zotere, n'kumati anamanga ndi anthu ochokera kutsidya kwa nyanja. Ena pofunafuna umboni wa bodzalo anakumba mosasamala n'kutaya dothi lomwe linali ndi mbiri yeniyeni. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafufuza n'kutsimikiza kuti omanga anali eni dziko, komabe boma la Rhodesia linapitiriza kubisa zimenezi. Mu nyumba yosungiramo zakale ya pamalopo mukaone mbalame zosema pamwala wofewa. Zodziwika zilipo zisanu ndi zitatu, ndipo chithunzi cha imodzi ndi chomwe chili pa mbendera ya Zimbabwe.

Musakwere pakhoma pofuna kujambulitsa. Popeza palibe chomatira, mwala umodzi ukasuntha ena apamwamba amatsatira, ndipo chigawo chonse chimatha kugumuka. Musatole phale, mkanda kapena kamwala kuti mukaonetse kunyumba. Lamulo limaletsa, ku Zimbabwe ngakhalenso kuno, komwe lamulo la mu 1999 loteteza zakale limafuna chilolezo munthu asanasunthe chinthu chotere. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka chifukwa cha anyani ndi apusi.

Chongoni, kwathu

Mukadutsa Nyamapanda ndi Tete, mutha kulowa m'Malawi pa Mwanza kapena pa Dedza. Wofuna kuona Chongoni alowere pa Dedza. M'mapiri a kumeneko muli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe analowa m'kaundula mu 2006. Odziwika kwa alendo ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Zojambulazo ndi za mitundu iwiri, ndipo mukadziwa kuzisiyanitsa ulendo wanu waphula kanthu. Zofiira ndi zakale kwambiri: mizere, madontho ndi zozungulira, zojambulidwa ndi Abatwa omwe makolo athu ankawatcha Akafula. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zina mwa izo, zooneka ngati nyama yotambasula miyendo, zinali zophunzitsira atsikana ku chinamwali. Zina ndi zilombo za nyau monga kasiyamaliro, ndipo zambiri mwa zimenezi zinajambulidwa m'nthawi ya Angoni ndi atsamunda, pomwe gule ankaponderezedwa. Ku Namzeze kulinso chojambula cha galimoto, umboni wakuti anthu ankajambulabe mpaka m'zaka za m'ma 1900. Pena zoyera zinapakidwa pamwamba pa zofiira, ndipo pamenepo mumaoneratu ndi maso amene anayamba kukhala m'phangalo.

Pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala, chifukwa nthawi ya dzinja misewu yafumbi yopita kumapiriku imaterera ndipo galimoto yaing'ono imatitimira. Ngati tchuthi chanu ndi cha Disembala basi, pezani galimoto yokwera ndipo nyamukani m'mamawa mvula yamasana isanabwere. Funsani woperekeza wa m'deralo musanakwere phiri, popeza zikwangwani ndi zochepa ndipo mapanga ena mutha kuwadutsa osawaona. Mukadutsa m'mudzi perekani moni kwa amfumu kapena akuluakulu. Malowa adakali ndi ntchito pa miyambo, ndiye woperekeza akakuuzani kuti za chojambula china sangafotokoze, musamukakamize. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake.

Chimene chikuwononga zojambulazi kwambiri ndi manja a anthu. Ena amathira madzi pathanthwe kuti utoto uwale pachithunzi, osadziwa kuti madziwo amasungunula dothi loyera ndi kukokera mchere wa m'thanthwe panja, utoto n'kuyamba kusendeka. Thukuta la m'manja limasiya mafuta omwe amakola fumbi. Moto wosonkha m'phanga umadetsa denga ndi mwaye ndipo kutentha kwake kumang'amba thanthwe. Dzina lolembedwa ndi makala kapena choko silifufutika popanda kuchotsa ndi chojambula chomwe chili pansi pake, choncho mukapeza ena analemba kale, musayese kupukuta nokha, uzani woperekeza akanene ku nthambi ya boma yoona zakale. Jambulani mutaima chapatali, m'mawa kapena chakumadzulo pomwe kuwala kumalowa chammbali. Wotsala ndi tsiku lina atsikire ku Mua, ku Kungoni, komwe nyumba ya Chamare imasunga zigoba za gule wamkulu mazanamazana pamodzi ndi tanthauzo la chilichonse.